Cyclamen pansi pa mtengo ndi m'tsinde mwa heji: yankho kwa mayi a ku Leicester, England

Funso labwera motere: "Ndimakhala ku Leicester, nyumba ya lendi. Kuseri kuli chimtengo cha sycamore ndi heji ya privet, pansi pake ndi pouma gwa, kapinga anakana, maluwa onse amene ndadzalapo anafa. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti cyclamen imapirira malo otere, ndiye mu Novembala ndinagula miphika inayi ya maluwa ofiira akuluakulu ku shopu n'kuokera pamenepo, pofika Januwale zonse zinali zitagona n'kuola. Ndinagulanso timbatata take touma ta m'paketi, palibe chinamera. Ndikulakwitsa pati? Nanga zikadzatheka ndingatengeko kumudzi ku Zomba?"

Zikomo mayi. Mnzanuyo sanakunamizeni ayi, cyclamen imapiriradi pansi pa mtengo pomwe kapinga wakanika, kungoti sanakuuzeni kuti dzinali ndi la banja lonse, mitundu yake ilipo yopitirira 20, ndipo imene munagula inuyo si imene amanena iyeyo. Ya maluwa akuluakulu ofiira psu ija, imene imadzaza m'mashopu Khirisimasi ikamayandikira, inachokera ku mtundu wotchedwa Cyclamen persicum. Imeneyo ndi ya pawindo kapena pakhonde, m'chipinda chozizirira bwino, chisanu chenicheni cha Januwale sichipirira. Olo ija yaing'onoing'ono imene amagulitsa kuti muike m'miphika panja mu Okutobala, imangolimbako masabata angapo basi, kukazizira kwambiri imagwa. Ndiye musadziimbe mlandu kuti muli ndi dzanja loipa, ine ndaonapo anthu ambiri akutaya ndalama chimodzimodzi chifukwa pa lebulo pamangolembedwa kuti cyclamen osanena kuti iti.

Mukabwerera kogula maluwa mukafunse mayina awiri awa, muwalembe pa foni: Cyclamen hederifolium ndi Cyclamen coum. Ngati lebulo ilibe limodzi la mayina amenewa isiyeni. Pa malo anu aja, ouma chonchija, ine ndinganene kuti yambani ndi hederifolium, ndiyo yolimba kuposa zonse.

Ndikufuna mumvetse kaye chifukwa chake imakwanitsa, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonsezi muzidziwa nokha. Kwawo kwa hederifolium ndi ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kuyambira kummwera kwa France, Italy, Greece mpaka kumadzulo kwa Turkey, m'nkhalango ndi m'mapiri a miyala. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, nthawi yotentha kumauma kuti gwa miyezi ingapo. Ndiye duwali linazolowera kuti kukayamba kutentha, cha mu Meyi, limafota masamba onse n'kugona pansi pa dothi, chakudya ndi madzi lasunga m'chimbatata chake. Tsono taonani zimene zimachitika kuseri kwanu: kuyambira Meyi mpaka Seputembala sycamore uja wavala masamba, akutchinga dzuwa, akutchinga mvula, mizu yake ikumwa kadontho kalikonse, maluwa ena onse akufa ndi ludzu nthawi imeneyo, koma cyclamen ilibe nazo ntchito poti ili mtulo. Mtengo ukayamba kuyoyola masamba mvula n'kuyamba kufika pansi, kuwala n'kulowa, ndi pamene iyo ikudzuka. Amasinthana mashifiti ngati anthu awiri ogona chipinda chimodzi, wina wa usiku wina wa masana. Inu amene munakulira ku Zomba mukudziwa zomera zija zimene zimasowa chilimwe chonse ngati kulibe, mvula yoyamba ikangogwa mwezi wa Novembala zatulukira m'mbali mwa njira. Khalidwe lake ndi lomwelo, kungoti iyi imadzuka kukamazizira.

Hederifolium imayamba ndi maluwa, masamba kulibe. Cha kumapeto kwa Ogasiti mudzangoona pa dothi louma lija patuluka timaluwa ta pinki kapena toyera, totalika ngati chala ndi theka, masentimita 10 kapena kuposera pang'ono, tili zyoli kuyang'ana pansi koma timapiko take tisanu tapindikira m'mwamba ngati makutu a kalulu. Zimapitirira mpaka Okutobala. Masamba amabwera pambuyo, ndipo kwa ine masambawo ndiwo chuma chenicheni, obiriwira mwakuda okhala ndi mizere ngati ya siliva, chitsinde chilichonse ndi kalembedwe kakekake, simungapeze ziwiri zofanana ndendende. Amakuta pansi nyengo yonse yozizira pamene m'gadeni monse muli mbee, mpaka Epulo kapena Meyi. Coum ndi yaing'ono, masamba ake ndi ozungulira ngati ndalama yachitsulo, amatuluka chisanu chisanafike, maluwa ake amabwera kuyambira Januwale mpaka Malichi, ena pinki wowala kwambiri, ndipo ndinaionapo ili ndi maluwa sinowo atagwa, m'mawa masamba ali lefu ngati afa, dzuwa litangotuluka n'kudzukanso. Kwawo kwa coum ndi cha ku Black Sea, Bulgaria, kumpoto kwa Turkey ndi ku mapiri a Caucasus, ndiye imafunako kachinyezi pang'ono kuposa inzake, ikani cha kunja kwa mthunzi komwe mvula imafika.

Chonde musazisakanize pamalo amodzi. Anthu amaganiza kuti ndikasakaniza ndidzakhala ndi maluwa kuyambira Ogasiti mpaka Malichi pa kamalo kamodzi, chaka choyamba ndi chachiwiri zimaonekadi bwino, koma hederifolium ndi yamphamvu, masamba ake ndi aakulu, imaphimba coum mpaka kuitha. Ipatseni iliyonse dera lake, hederifolium pansi pa mtengo, coum cha kumapeto kwa heji.

Tsopano za timbatata touma timene sitinamere tija. Pali zinthu zitatu zimene ndikuganiza, ndipo mwina zinachitika zonse. Choyamba timbatata ta m'paketi timakhala titakhalitsa pa shelefu m'shopu yotentha, mizu inauma kalekale, tina timakhala titafa kale musanagule, tina timangokhala pansi chaka chathunthu osachita kanthu kenako n'kudzatulukira, ndiye musanakumbe ponse dikirani muone Seputembala akubwerayu. Chachiwiri, n'kutheka munadzala chadodolido. Izi zimachitika kwambiri chifukwa hederifolium ndi yosokoneza, mizu yake imatuluka pamwamba ndi m'mapewa, osati pansi ngati anyezi. Mukaigwira m'manja muona mbali imodzi ndi yosalala yozungulira ngati kunsi kwa mbale, imeneyo ndiyo ya pansi. Mbali inayo ndi yafulati kapena yolowa pang'ono, ili ndi timaso tokhakhala ndi timizu touma, imeneyo iyang'ane kumwamba. Munthu woganiza bwinobwino amaona timizu n'kunena kuti mizu imapita pansi, n'kutembenuza, basi watseka maso ake. Coum ndiye mizu yake imatuluka pakati pa kunsi monga mwa masiku onse. Chachitatu ndi kukwirira kwambiri. Ife tinazolowera kukumba phando lakuya, koma iyi imafuna dothi la masentimita 3 mpaka 5 pamwamba pake, zala ziwiri zokha.

N'chifukwa chake ine ndimauza aliyense kuti gulani imene ikukula kale m'kamphika, ili ndi masamba kapena maluwa. Imadulirako, zoona, koma zisanu zamoyo zimaposa timbatata touma 20. Mumaona ndi maso mtundu wa duwa, mumasankha masamba amene akusangalatsani, ndipo mizu ndi yamoyo ndiye imagwira msanga. Hederifolium mugule mu Seputembala kapena Okutobala, coum mu Januwale kapena Febuluwale tsiku limene dothi silinaume ndi chisanu. Kuchokera ku Leicester si kutali kupita ku Ashwood Nurseries kufupi ndi Kingswinford ku West Midlands, amadziwika kwambiri ndi cyclamen, komanso kuli bungwe la Cyclamen Society, linayamba mu 1977, mamembala ake amagawana njere chaka ndi chaka. Ndipo muonetsetse kuti zimene mukugula ndi zofesedwa ku nazale. Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 timbatata tambirimbiri tinkakumbidwa m'tchire ku Turkey n'kumagulitsidwa ku Ulaya kuno mpaka malo ena kutha, lero cyclamen yonse ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loteteza zachilengedwe pa malonda a pakati pa maiko. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndi zomwezo zikuchitikira maluwa a m'tchire kwathu ku Nyika ndi ku Zambia, amene anthu amakumba timbatata take kuti apange chinaka kapena chikanda.

Kadzalidwe kake. Musatenge khasu kapena fosholo yaikulu n'kuyamba kutipula pansi pa mtengo, mudula mizu ya mtengo wa eni ake ndipo mizu yodulidwayo imaphukanso yambiri kuposa kale. Tengani kafosholo ka m'manja, mugwade, muzifufuza timipata pakati pa mizu ikuluikulu, pamene kafosholo kalowa mosavuta ndi pamenepo. Kumbani kadzenje kongokwana dothi la m'kamphika lija, pansi pake muikeko manyowa a masamba owolerana odzaza manja awiri, mukhazike chomeracho mulingo womwe chinali m'kamphika kapena kutsikirako pang'ono, mubwezere dothi, mutsendere ndi manja osati ndi phazi. Siyani masentimita 15 mpaka 20 pakati pa china ndi chinzake, ndipo musadzale pa mzere ngati chimanga, ikani m'timagulu, apa zitatu apo zisanu. Ku heji ya privet kuja musafike pa tsinde penipeni, privet ndi wadyera kwambiri, mizu yake ili ngati ukonde pamwamba pomwe, tulukani masentimita 30 kapena 40 pomwe madontho a mvula amagwera kuchoka ku masamba a heji. Njere zake zidzalowa zokha m'katimo m'tsogolo, ndipo zomera zokha zimapirira kuposa zimene mwaika ndi manja.

Mukadzala thirirani mokwanira, kheni yathunthu pa kagulu kalikonse, ndipo ngati mvula sikufika pansipo muzithirira kamodzi pa sabata mpaka masamba atatambasuka bwino. Apa ndi pomwe ena amalakwitsa, amamva kuti imapirira pouma ndiye amangoika m'fumbi n'kuchoka. Chaka choyamba imafuna thandizo kuti mizu igwire. Ikagwira basi, simudzathiriranso.

Madzi amene amapha ndi a nthawi yotentha, ndi madzi odikha. Juni, Julayi, mwaona pamalopo pali mbee, mtima ukukuuzani kuti zikufa ndi ludzu, mwatenga payipi tsiku ndi tsiku, chimbatata chili mtulo sichikumwa, chimangoola. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina komwe mayi wina wachikulire anali ndi hederifolium pansi pa mtengo wa apulo kwa zaka zambiri, ana ake pofuna kumuthandiza anamuikira timapaipi tothirira tokha usiku uliwonse, pofika Seputembala maluwa osaoneka, nditafukula ndi chala ndinapeza chimbatata chachikulu ngati mbale ya ndiwo chafewa ngati papaya wakupsa, kununkha. Zinandiwawa kwambiri chifukwa chimenecho chinali chakale kuposa ena mwa adzukulu ake. Chimbatata cha hederifolium chimakula chaka ndi chaka osagawikana, chimatha kufika masentimita 20 ndi kuposa, chimakhala zaka makumi angapo, ndipo chachikulu chimodzi chimatulutsa maluwa ambirimbiri pachokha. Ngati dothi lanu ndi la makande lomata, limene madzi amaima nthawi yozizira, sakanizani timiyala ting'onoting'ono ndi manyowa a masamba, kapena mukweze malowo pang'ono. Koma pansi pa sycamore ndi privet vuto limeneli silichitikachitika, mizu yawo imakuumitsirani kale.

Mdani wina ndi khasu. Ife a ku Malawi timakonda pabwalo posesa bwino, popalira mbee, udzu olo umodzi. Pamene pali cyclamen chizolowezi chimenechi chisiyeni. Timaso take tili pansi pa dothi pang'ono pokha, ndipo timapesi ta masamba ndi maluwa timayamba tayenda cham'mbali pansi pa zinyalala tisanadzuke, ndiye mukapalira mu Julayi poganiza kuti palibe kanthu mwadula maluwa a chaka chimenecho. Zikani timitengo kapena ikani timiyala kuzungulira malowo kuti muzikumbukira, muwauzenso ana ndi bambo a kunyumba, komanso munthu amene eni nyumba amatuma kudzadula heji. Udzu muzizula ndi manja. Heji muzidula cha kumayambiriro kwa Ogasiti maluwa asanatuluke, mutayang'ana kaye kuti mulibe chisa cha mbalame chimene chili ndi mazira kapena ana, poti kuno lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuononga dala chisa chotere, ndipo zodulazo muwole zonse musasiye mulu pamwamba pake.

Masamba a mtengo akamagwa musasese onse, ndiwo chakudya chake. Koma a sycamore ndi aakulu, akanyowa amamatana ngati chikopa n'kuphimba masamba a cyclamen, amayamba nkhungu yotuwa n'kuola. Ndiye mu Novembala muziwachotsa ndi manja pamwamba pa zomerazo, muwaike m'matumba akuda a zinyalala, muboole timabowo, muwaze madzi pang'ono, muike pakona. Pakatha chaka kapena ziwiri mupeza asanduka dothi lakuda lofewa lonunkhira ngati m'nkhalango ya pa phiri la Zomba mvula itagwa. Limenelo muziwaza pamwamba masentimita awiri kapena atatu mu Julayi zili mtulo, osaunjika pa tsinde la mtengo. Poti mizu ya hederifolium ili pamwamba, imadya pompo. Feteleza wa chimanga, Urea kapena CAN, ayi ndithu, manyowa a nkhuku aawisi ayinso, zimangobweretsa masamba ofewa ovunda msanga. Ena amathira ufa wa mafupa, siwoipa, koma m'tauni ngati Leicester nkhandwe zimamva fungo lake n'kubwera usiku kudzafukula.

Agologolo nawo amafukula zongodzala kumene, makamaka mu Okutobala pamene akukwirira zakudya zawo. Yalani kawaya ka khola la nkhuku pamwamba mupanikize ndi njerwa kwa masabata angapo. Koma chilombo chimene ndimachiopa ine ndi kachikumbu kakuda kotchedwa vine weevil, kamene kamayenda usiku n'kumadya m'mphepete mwa masamba. Vuto lenileni ndi mbozi zake, zoyera, zopindika ngati chilembo cha C, mutu wofiirira, zimadya mizu ndi chimbatata kunsi nthawi yozizira. Mukaona chomera chafota mwadzidzidzi dothi lili lonyowa, kokani pang'ono, chikangozuka opanda mizu fukulani muzipeza. Zimavuta kwambiri m'miphika kuposa pansi, ndiye pogula gwedezani kamphikako muone ngati chomera chagwira. Mankhwala ake abwino ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodes, amagulitsa m'paketi, mumasungunula m'madzi n'kuthirira kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala dothi likadali lofunda komanso lonyowa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mudzagwade mudzachione ndi maso anu. Duwa likatha, phesi lake limayamba kudzipinda kuchokera kunsonga, kuzungulira ngati sipuling'i, mpaka lakokera kampira ka njere pansi penipeni pa masamba. Kampirako kamakhala pamenepo miyezi yonse yozizira, kamadzapsa cha mu Julayi, kamafewa n'kung'ambika, m'kati muli njere zofiirira zomata ngati zapakidwa uchi. Nyerere zimabwera kudzanyamula chifukwa cha kutsekemerako, zimanyambita n'kutaya njere kwina, ndiye pakapita zaka mumangoona kacyclamen katulukira m'mng'alu wa simenti, kena m'kati mwa heji, kena kwa aneba. Choncho musadule maluwa ofota ndipo musathire mankhwala a nyerere pamenepo. Mukafuna kuchulukitsa msanga tolani njerezo nyerere zisanakutsogolereni, mufese tsiku lomwelo, kaya pansi pomwepo kaya m'kamphika, mukwirire ndi timiyala kapena dothi pang'ono chifukwa zimamera mu mdima, muike panja pa mthunzi pozizirira. Musaike pa hita kapena pawindo la dzuwa, kutentha kopitirira madigiri 20 kumazigonetsa, zimakonda cha m'ma 15. Njere zogula zouma muziviike m'madzi usiku ndi usana umodzi kaye. Chaka choyamba kamatuluka katsamba kamodzi kokha ndi kambatata ngati nsawawa, musakataye poyesa udzu, maluwa amabwera chaka chachitatu, nthawi zina chachiwiri.

Ngati muli ndi ana aang'ono, galu kapena mphaka, dziwani kuti chimbatata chake ndi poizoni, chili ndi mankhwala otchedwa saponin amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo chiweto chikadya chambiri zimafika poopsa. Chimaoneka ngati chakudya, makamaka kwa ife amene tinakulira mbatata ndi chinangwa, ndiye touma ta m'paketi musasunge kukhitchini. Azungu akale ankachitcha sowbread, kunena kuti buledi wa nkhumba, poti nkhumba za m'tchire zimafukula n'kudya, koma munthu asayerekeze. Pogwira valani magolovesi ngati khungu lanu limayabwa msanga.

Za ku Zomba ndikuuzani mosabisa kuti ine sindingakulimbikitseni. Kwathu mvula imagwa nthawi yotentha, Novembala mpaka Epulo, ndiye nthawi imene duwali likufuna kugona pouma ndi imene kukugwa chimvula, ndipo nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi imene likufuna madzi kumakhala kouma kupatula chiperoni. Zonse zili mosemphana, chimbatata chingaole msanga pokhapokha chili m'mphika pakhonde pomwe madzi mukuwalamulira nokha. Kuonjezera apo kudutsa nacho m'malire kumafuna zikalata za CITES ndi za zaumoyo wa zomera, si chinthu choika m'sutikesi pakati pa zovala. Achibale amene ali ku Cape Town ndiwo ali ndi mwayi, kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira ngati kwawo kwa duwali.

Poti nyumbayo ndi ya lendi, mwina mukudandaula kuti mudzasamuka musanaone phindu. Cyclamen imasamuka bwino, mudzafukule mu Juni kapena Julayi ili mtulo, ndi dothi lake lomwe, muike m'bokosi mukadzale tsiku lomwelo kapena mawa lake kumene mukupitako, zing'onozing'ono zimene nyerere zinafesa muwasiyire obwera pambuyo panu. Panopa yambani ndi kutolera matumba a masamba, ndipo Seputembala akafika mukagule timiphika tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ta hederifolium tili ndi maluwa, mudzale mbali ya mtengo imene mumaiona mukaima pawindo la kukhitchini.